Njerwa ya Bana Chibesa

"Nenaninso, Bashi Nsofwa, mwina makutu anga ndi amene aphonya. Munawabweza?"

"Sindinawabweze. Ndinawauza kuti akatenge kalata."

"Amayi anu okubalani aima pa geti, phazi latupa ngati dzungu, inu n'kuwongola chipewa n'kuwafunsa kalata?"

"Ndi lamulo, Bana Nsofwa. Chikwangwani chija sindinalembe ndine."

"Nanga anakuyamwitsani ndi chikwangwani?"

Wokuwayo anali Bana Nsofwa, ndiye kuti amake a Nsofwa pa Chibemba, mpongozi wathu. Wokuwiridwayo anali Bashi Nsofwa, bambo ake a Nsofwa, mwamuna wake Chibesa, mwana wa malemu achimwene anga, amene amalondera pa geti la chipatala cha Mutonshi kuno ku Kitwe. Ine Fostina, azakhali ake, amene komboni yonse imanditcha Ba Senge ngati kuti ndine mlongo wa bambo wa aliyense, ndinali pakhomo ndikusinja chikanda, chakudya cha timizu takutchire tophika ndi nsinjiro, chokagulitsa mawa lake. Ndinachepetsa musi kuti mawu asandidutse. Ndewu ya eni ake imakoma ukakhala ndi kantchito m'manja.

"Pamwamba pa geti pali kamera," anatero Chibesa uku akuvula nsapato zake zazikulu zija. "Mnzanga Kalobwe analowetsa mayi wina wopanda kalata mwezi wathawu. Lero Kalobwe akugulitsa makala. Mukufuna nanenso ndikagulitse makala?"

"Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo," ndinaponyamo. "Komatu wa mayi akowu sunachepe, wachita kunenepa."

"Ba Senge, ino si nthawi yoseka."

"Akuseka ndani? Ine ndikusinja."

Eni ake a phazilo, alamu anga Bana Chibesa, anali khale pansi pa mtengo wa papaya, phazi atalisanjika pa chidebe. Ali ndi matenda a shuga. Chilondacho chinayamba ngati masewera, kawaya kanangowabaya pa chala chachikulu cha phazi lamanja. Tsopano chalacho chinali chitayamba kuda m'mbali, ndipo ntchentche zinali zitayamba kubwera kudzapereka moni.

"Musiyeni mwanayo," anatero. "Wagwira ntchito yake. Chandiwawa ine si iyeyu. Ndaima pa geti paja ndikuona tizipinda tathu tiwiri tija kuseri kwa nyumba zosanja. Nditaponya mwala ukhoza kugwa padenga pake. Koma akuti ndikwere minibasi ziwiri, ndiwoloke njanji, ndikapemphe chilolezo kwa ana obadwa dzulo kuti ndilowe m'nyumba imene ndinaponda dothi lake."

"Chipatala chinakula, mayo," anatero Chibesa, mawu atagwa, poti pa Chibemba amayi timati mayo. "Si kiliniki ya komboni tsopano. Chimalandira otumizidwa kuchokera m'makiliniki onse a mbali ino. Wopanda kalata amalowa pokhapokha akhale wangozi, wokomoka, kapena mayi woti achira pompo."

"Usandiuze za kukula kwake, ine ndinachiona chikukwawa. Chaka chimene unabadwa iwe, Bana Kunda anafera mu wilibala pa njanji paja, tikuwakankha kupita ku chipatala cha m'tauni, mwana atapingasa m'mimba. Pochokera kumanda sitinapite kunyumba. Tinatsikira kudambo ndi makasu kukaumba njerwa, azimayi okhaokha, poti amuna anali pansi mu mgodi. Zipinda ziwiri, namwino mmodzi, nyali ya palafini. Kenako khonsolo inawonjezera chipinda cha amayi oyembekezera. Kenako a mgodi anamanga mawodi. Kenako magetsi, nyumba yachisoni, makina ounika mafupa, nyumba zosanja. Chilichonse chikabwera tinkavina. Tinavinira ngakhale mpanda, osadziwa kuti akutchinga ife."

Pabwalo panati zii. Ine zii ndimadana naye, amandiyabwa pakhosi.

"Nkhaniyi ndi yaing'ono," ndinatero. "Mwamva wekha mlondayu watchula makomo atatu. Mawa, alamu, mukafike pa geti mukomoke. Ine ndikuwa, mawu ndili nawo. Mukaona kuti kukomoka kukudetserani chitenje, tikumangirirani pilo pamimba, tikanene kuti Mulungu wabwerezanso za Sara."

Bana Nsofwa anaseka asakufuna, mpaka anabisa nkhope m'chitenje. Koma alamu sanaseke.

"Fostina, pakamwa pakopo padzakulowetsa kumoto. M'nyumba yanga sindilowa ndi bodza. Kalata akuifunayo tikaitenga."

Tinapita Lolemba. Kiliniki ya kuseri kwa njanji anaimanga kuti ipepuze chipatala, koma yokha ikufuna woipepuza. Amagawa manambala makumi anayi patsiku. Ife tinafika dzuwa litangotuluka, manambala anali atatha kale. Amene anawapeza ndi amiyendo iwiri yabwinobwino, othamanga.

Lachitatu tinalawira kwambiri, tinapeza nambala. Namwino wake anali kamtsikana kabwino, kotopa ngati kagona kumunda. Anatsuka chilonda, anamanga bandeji, anatipatsa timapiritsi toyera.

"Ichi n'chofunika chipatala chachikulu, agogo," anatero.

"Ndiye lembani kalata, mwana wanga."

"Olemba makalata ali ku Ndola ku maphunziro. Abwera sabata yamawa."

"Akuphunzira chiyani, kulemba?" ndinafunsa. "Ine ndinalekeza giredi thuu koma kalata ndikhoza kuiyesa."

"Imafunika chidindo chawo, mayi. Ndikalemba ine, pa geti akakubwezani."

"Tikudziwa," anatero alamu. "Wobwezayo tili naye kunyumba."

Sabata inayo tinapitanso. Olemba makalata anali atabwera, wathanzi, atanenepa ndi maphunziro. Koma mapepala olembapo kalatayo anali atatha. Akuti aitanitsa. Tibwere Lachisanu. Pobwerera, mu minibasi anthu anayamba kutsegula mawindo, wina n'kufunsa kuti ndani wanyamula nsomba yoola. Alamu anayang'ana kunja. Ine ndinati ndi kondakitala, sanasambe kuyambira chisankho. Anthu anaseka. Koma ine sindinaseke nawo.

Ine chikanda changa ndimagulitsira pa mpanda wa chipatala, pamzere wa azimayi ogulitsa nthochi, thobwa la munkoyo ndi mandasi. Mkulu wa chipatala, Dokotala Thole, ndi kasitomala wanga. Ndi Mngoni wa ku Chipata, ine ndine Mbemba, ndiye kuti ndi mbuya wanga. Makolo athu anabayana mikondo mpaka kutopa, popanda wopambana, n'kugwirizana kuti nkhondo yotsalayo tizimenya ndi pakamwa. Mbemba akanyoza Mngoni, Mngoni alibe ufulu wokwiya, angakhale ndi udindo wotani. Chimbuya ndi chimenecho: iwo amati ife timadya anyani, ife timati iwo amadya mbewa. Lachisanu lililonse masana dokotalayo amaimitsa galimoto, kutsitsa galasi, nkhondo n'kuyamba.

"Mbuya wakuba! Lero chikandachi mwasakaniza ndi nyani uti?"

"Wodya mbewa! Ndaikamo michira kuti mumve ngati muli kwanu."

Lachisanu limenelo, titabwezedwanso ku kiliniki chifukwa mapepala anali asanafikebe, ndinathamangira pa mpanda kuti ndisamuphonye. Ndinamupatsa chikanda chake, koma dzanja sindinachotse pa galasi.

"Dokotala, alamu anga akuola phazi. Akuwakaniza kulowa. Kalata sikupezeka."

"Alamu anu aola chifukwa cha nyama ya pusi. Ndinakuuzani kuti muleke."

"Ndikunena zoona, dokotala. Ndi mayi amene anaumba njerwa za chipatala chino."

"Hehede! Mbemba kuumba njerwa? Mwina kuba njerwa! Mwezi wathawu munati amuna anu auka kumanda akufuna ntchito ya udalaivala. Bweretsani kalata, mbuya, tikawadule mchira."

Anaseka mpaka kumenya chiwongolero, galasi n'kukwera, galimoto n'kulowa. Ndinatsala chiimire ndi mpeni wa chikanda m'manja. Tsoka la wanthabwala ndi limenelo: tsiku limene ukulira, anthu amati lero ndiye wabwera ndi yatsopano.

Masiku omwewo m'chipatala munali piringupiringu. Ankakonzekera mwambo wotsegulira nyumba ina yosanja, komanso wokumbukira zaka makumi anayi ndi zisanu za chipatalacho. Anapaka laimu mpaka mitengo. Alendo olemekezeka amabwera ndi magalimoto, magalimoto amafuna poima, ndiye Lolemba m'mawa chinabwera chigalimoto chogumula chija, n'kulunjika pa tizipinda tathu tiwiri. Akuti munkangosungidwa mabedi othyoka. Sichinatenge nthawi yophika ndiwo. Zibuma zonse anazitaya kunja kwa mpanda, pafupi ndi pamzere pathu, fumbi lake n'kutithirira malonda.

Ndinasiya beseni langa kwa Bana Mwelwa, mnzanga wa munkoyo, ndinapita pa mulu paja. Ndinkadziwa chimene ndinkafuna. Nthawi youmba ija, mayi aliyense ankadinda chala pa njerwa zake zisanaume, kuti waulesi adziwike. Tonse tinkadinda chala chachikulu cha kumanja. Koma alamu anali ndi khanda losafuna kubelekedwa kumbuyo, lolira ngati aliponda, loti likhale m'manja basi. Ndiye iwo akagubuduza chikombole ankanyamula khandalo, n'kudinda njerwa ndi chala cha kuphazi. Khandalo ndi Chibesa yemweyu.

Ndinatembenuza njerwa zambiri. Ndinapeza chala changa, chopindika ngati mwini wake. Ndinapeza cha malemu Bana Sampa, cha malemu Bana Katongo. Ndinkawatchula maina ngati ndikuwadzutsa. Kenako ndinaipeza, yathunthu, yofiira bwino, simenti itangomata mbali imodzi. Pakati pake chala cha kuphazi, chachikulu, chozama, ngati achidinda dzulo.

Madzulo ndinaiika patebulo, pakati pa mbale. Chibesa anali atangofika.

"Tayamba kudya njerwa, Ba Senge?"

"Yang'ana bwino. Ukuchidziwa chala ichi?"

Anayang'ana. Anayang'ananso kuchipinda kumene amayi ake ankabuula, poti tsopano thupi linali litayamba kutentha, chakudya akukana.

"Pamene chinkadindidwa chimenechi iwe unali m'manja mwawo, ukuwakodzera," ndinatero. "Akanakuika pansi, bwenzi atadinda ndi dzanja ngati anzawo. Sanakuike pansi."

"Mukufuna ndichite chiyani? Ndapita kwa akulu a alonda, akuti lamulo ndi lamulo. Ndapempha namwino wina kuti abwere kunyumba, akuti akuopa. Kwa Dokotala Thole mlonda salowa. Ndichite chiyani, ndife?"

"Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko," anatero Bana Nsofwa. "Koma inu chitseko chili m'manja mwanu, m'mimba mukumva, kutsegula ayi."

"Mukulankhula ngati ana a sukulu atatuwa adya kamera."

"Tidzadya makala a Kalobwe, koma amayi ali ndi miyendo iwiri."

"Mawa ndipitanso ku kiliniki ndekha. Mwina mapepala afika."

"Mwina, mwina! Mwina anakwatira Mawa, mwana wawo ndi Maliro," ndinatero.

Anapitadi. Mapepala anali atafika, koma akuti kalata salembera munthu amene palibe, wodwalayo abwere yekha. Wodwalayo anali woti sangakwerenso minibasi. Chibesa anabwerera, anakhala pa khonde, chipewa pa bondo.

Lachisanu, tsiku la mwambo, ndinalowa m'chipinda cha alamu m'mawa. Fungo linandilandira pakhomo. Chala chinali chitada bii, kudako kukukwerera chala chinzake.

"Alamu, dzukani. Tikupita ku chipatala."

"Kalata yapezeka?"

"Yapezeka." Ndinawaonetsa njerwa ija.

Anailandira ndi manja awiri. Anasisita pa chala paja nthawi yaitali.

"Fostina, ndinati sindilowa ndi bodza."

"Bodza lili pati? Chidindo ndi chanu chomwe. Olemba ndinu. Tsiku lolembera alidziwa Mulungu ndi Bana Kunda."

Kenako anati, "Ndipatse duku langa la Mvano ya ku tchalitchi lija. Sindipita ngati wamisala, wamisala akhale iwe wekha."

Wilibala tinabwereka kwa Kalobwe. Anaitsuka yekha, anayalamo thumba loyera, ndipo anati aikankha yekha, poti iye alibenso ntchito yoti amuchotse. Ine ndinamanga kathumba ka ufa m'chiuno, mkati mwa chitenje. Bana Nsofwa anandiona.

"Ufawo ndi wa chiyani, Ba Senge?"

"Ndi mankhwala a Angoni."

Titafika pa mpanda, azimayi a pamzere anaimirira okha. Bana Mwelwa sanafunse kanthu. Anapita pa mulu wa zibuma, anatola njerwa, anaisenza pamutu. Wa nthochi anatolanso. Wa mandasi anafufuza mpaka anapeza ya amayi ake. Pofika pa geti tinalipo azimayi oposa makumi awiri, aliyense njerwa pamutu, wilibala patsogolo ikulira kwii, kwii, ngati ikudandaula m'malo mwathu.

Mkati munali tenti yoyera, mipando yovekedwa nsalu, kwaya ya anamwino. Geti lalikulu linali lotseka. Kageti kakang'ono ka oyenda pansi kanali ndi Chibesa, yunifolomu yositidwa, magolovesi oyera ngati wonyamula bokosi la maliro. Atationa, nkhope yake inachita ngati wameza fupa.

"Ba Senge, chonde. Osati lero. Lero olowa ndi a makadi okha."

"Funsa funso lako la masiku onse."

"Chonde, azakhali."

"Funsa, kamera imve."

Chibesa anafunsa, "Kalata ili kuti?"

Alamu anatukula njerwa ija mu wilibala. "Iyi, bambo mlonda. Muwerenge."

Sanailandire msanga. Anayang'ana kumwamba kumene kuli kamera, anayang'ana Kalobwe ndi malaya ake akuda ndi makala, anayang'ana mkazi wake. Kenako anavula magolovesi aja, anawaika m'thumba, anatenga njerwa ndi manja ake enieni.

"Kalatayi ndi yoona," anatero mokweza, ngati akuuza kamerayo. "Chidindo ndachiona. Lowani."

Wilibala sinakwane pa kageti. Anatsegula geti lalikulu.

Tinalowa Dokotala Thole ali pa chimkuzamawu, suti yakuda, tayi wofiira, akuwerenga mbiri ya chipatala. Ndinamva akuti, "Chipatala chino chinayamba ngati kanyumba kosaoneka bwino, koma chifukwa cha abwenzi athu akufuna kwabwino..." Anatchula khonsolo, anatchula a mgodi, anatchula azungu a mayiko atatu. Dambo sanalitchule. Alonda ena anathamanga kudzatitchinga, koma munthu umamugwira bwanji mayi wokalamba amene wasenza njerwa pamutu pamaso pa alendo? Anangoyenda m'mbali mwathu ngati otiperekeza.

Ine sindinaime. Ndinakwera pa nsanja, mawondo akulira, ndinamasula kathumba kanga.

"Mbuya, mwabwera kudzaba mipando?" anatero dokotala pa chimkuzamawu, akuyesa kuseka. Alendo anaseka nawo.

Ndinatapa ufa dzanja lodzaza, n'kumuthira pamutu. Ndinatapanso, n'kumupaka kumaso, pa tayi, pa suti yonse. Wapolisi wina anadumpha, koma mlendo wolemekezeka, mayi wonenepa wa ku likulu, anamugwira mkono akuseka. "Asiyeni, ndi chimbuya!" Tenti yonse inafa ndi phwete. Ojambula anajambula. Dokotala anayera mbuu ngati chinangwa chovuula, ndipo anaseka, poti akanakwiya akananyozetsa Angoni onse mpaka ku Chipata.

"Mwandipeza, mbuya, mwandipeza," anatero akupukuta m'maso. "Komatu inu Abemba simudziwa mwambo. Ufa wochuluka chonchi timathirana pamaliro."

"Ndangofulumira, dokotala," ndinatero, ndipo chimkuzamawu chinanyamula mawu anga mpaka kumawodi. "Malirowo ali mu wilibala umo, sanazizire. Ndati ndikuthirireni lero mukadali pafupi, poti tsiku loika mudzatifunsa kalata."

Kuseka kunazima ngati athirapo madzi. Kalobwe anakankha wilibala mpaka patsinde pa nsanja. Azimayi anatula njerwa zawo, imodzi imodzi, pa kapeti wofiira. Palibe anaimba, palibe anakuwa. Kunangomveka gu, gu, gu.

Dokotala anatsika. Anagwada, ufa ukugwa m'tsitsi, anamasula bandeji. Alendo a mzere woyamba anagwira mphuno. Iye sanagwire. Anasindikiza pamwamba pa phazi, anagwira pachipumi pa alamu.

"Chayamba liti?"

"Sabata yachinayi ino," anayankha Bana Nsofwa.

"Sabata yachinayi! Bwanji osabwera nawo?"

"Tinabwera. Kunalibe kalata."

Anatembenukira kwa ine. "Nanga inu, mumandiona Lachisanu lililonse, bwanji osandiuza?"

"Ndinakuuzani. Munati mukawadula mchira."

Ndakhala ndikunyozana ndi Angoni moyo wanga wonse, koma sindinaonepo Mngoni akusowa choyankha ngati tsiku limenelo. Alamu ndi amene anamuthandiza.

"Kanyumba kosaoneka bwino kaja, bambo, tinamanga ndife. Pepani kuti sikanaoneke bwino. Tinalibe pulani, tinali ndi maliro."

Dokotala sanaitane machira. Anamuchotsa Kalobwe, anagwira yekha zogwirira za wilibala, n'kuyamba kukankha, suti yoyera ndi ufa, kudutsa pakati pa mipando, kulowera ku nyumba yatsopano ija. Riboni inali isanadulidwe. Anaweramira pansi pake, wilibala n'kudutsa. Wodwala woyamba wa nyumba yosanjayo analowa choncho, pa wilibala ya makala.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepo, anthu akuwomba m'manja. Koma chilonda sichimva nthungululu. Madzulo omwewo anawadula chala chachikulu chija ndi chinzake choyandikana nacho. Dokotala anati mwendo wapulumuka pang'onong'ono, masiku atatu ena akanadula pa bondo. Anatinso akanabwera tsiku loyamba lija, bwenzi atangotsuka ndi kupereka jakisoni. Chibesa atamva zimenezo anatuluka mu wodi, anakaima kuseri kwa thanki ya madzi. Ndinamusiya. Mwamuna akamalira kuseri kwa thanki, ngakhale ine ndimatseka pakamwa.

Kalata inabwera ndithu pomaliza, ya chidindo chachikulu, koma inali ya Chibesa, yomuchenjeza chifukwa chotsegula geti popanda chilolezo. Akuti akadzabwereza, ntchito yatha. Chikwangwani chija chikadalipo. Dokotala akuti lamulo silinachokere kwa iye, linachokera kumwamba, ndipo walemba kupempha kuti pa geti pakhale kachipinda koonera anthu a m'komboni. Kumwambako sanayankhe. Mwina nakonso mapepala atha.

Tsiku lotuluka alamu, dokotala anabwera yekha mu wodi, njerwa ija ili m'manja. Anali ataitsuka.

"Amayi, ndikupempha njerwayi. Tiiika mu galasi, polandirira alendo, ndi dzina lanu pansi pake."

"Musamupatse, alamu," ndinatero. "Mngoni akaona kabowo aganiza kuti muli mbewa, ayamba kukumba."

"Inu mbuya, ndikadzadwala musadzabwere kudzandiona."

"Ndidzabwera ndi kalata."

Alamu anatambasula manja, dokotala anawapatsa njerwayo. Anaiika pamiyendo, pafupi ndi phazi lomangidwa lija. Anayang'ana chala cha pa njerwa, anayang'ana pamene panali chala chawo.

"Chatsala pano pokha," anatero. "Ayi, bambo. Sindinaumbe njerwa yoonera. Ya mu galasi mukatole ina pa mulu paja, zilipo za anzanga amene anapita. Iyi ikadali ndi ntchito. Chibesa!"

"Mayo."

"Kageti kako kakang'ono kaja kamadzitseka kokha?"

"Kali ndi sipuling'i, mayo."

"Kaike iyi pansi pake."

Chibesa anayang'ana dokotala. Dokotala anayang'ana kudenga, ngati waona kangaude wofunika kumuyeza magazi.

Njerwayo ilipo mpaka lero, yapinga kageti, mpata wokwana munthu mmodzi wodwala. Sindikunama kuti onse amalowa. Ambiri amawerenga chikwangwani n'kubwerera okha, kukakwera minibasi ziwiri. Koma nkhalamba ikafika ikutsimphina, kapena mayi ndi mwana wotentha thupi, Chibesa amakhala ndi ntchito yambiri yoyang'ana mbali ina. Dokotala amadutsa pomwepo m'mawa uliwonse, njerwayo saiona. Angoni maso awo amaona mbewa zokha. Zidzatha liti, kaya. Tsiku lina kudzabwera bwana wina amene si mbuya wa munthu, ndipo nyumba yathu idzadya makala. Bana Nsofwa amati akamva foni ya mwamuna wake ikulira masana, mtima umachoka.

Dzulo ndili pa mpanda ndinamva mkulu wa alonda, watsopano, akukuwa.

"Iwe Chibesa! Geti ili likukhaliranji pululu? Tseka!"

Chibesa anaima njo, anamenya sawasha, nkhope yosaseka ngati ya atate ake.

"Ndayesa, bwana. Silikutsekeka. Amayi aikapo phazi."